Greenhouse, shedi ya neti kapena pamtetete: chamba cha chiphaso kuno kuchigwa chimafuna chiti?

Chiyambire pamene gulu lathu la alimi kuno ku Chikwawa linayamba kulima chamba cha chiphaso, mafunso sakutha. Ena akuimba foni ali ku Ngabu, ena ku Bangula, ena akulemba pa WhatsApp, koma funso ndi limodzi: tigule greenhouse ya pulasitiki, timange shedi ya neti, kapena tingodzala pamtetete? Gulu lathu lalimapo m'njira zitatu zonsezi, ndiye ndiyankhe pano kamodzi kuti aliyense adziwerengere yekha. Ine ndili kumbali ya shedi ya neti. Greenhouse ndili nayo mangawa, ndipo sindibisa.

Ndikunena za chamba cholimidwa ndi chilolezo cha Cannabis Regulatory Authority, bungwe lomwe linabadwa ndi lamulo limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Febuluwale 2020. Chosuta chija n'choletsedwabe, ndipo wodzala popanda chiphaso akudziitanira apolisi. Mitengo ya ziphaso yomwe inalengezedwa mu 2020 inali m'madola: 10,000 pa chamba cha mankhwala ndi 2,000 pa chamba cha mafakitale. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mukhoza kuona nokha momwe magulu analirira. Zimenezi aliyense amazidziwa asanalowe, choncho sindichedwapo.

Chinthu china chofunika kulekanitsa ndi ichi. Chamba cholimidwira ulusi kapena njere chimadzalidwa mothithikana kuti chikwere chowongoka, ndipo sichitheneredwa ayi. Ngati cholinga chanu ndi chimenecho, musataye ndalama ndi denga lililonse, pamtetete ndi pokwanira. Nkhani yanga ikukhudza chamba cholimidwira maluwa opangira mafuta a mankhwala, chomwe chimadzalidwa motalikirana, n'kumasamalidwa mtengo ndi mtengo.

Tsopano greenhouse. Amene anatigulitsa anachokera m'tauni ndi pepala lolembedwa bwino: zitsulo, pulasitiki, mapaipi odontheza madzi, mbewu yochokera kunja, maphunziro a kathenedwe. Mtengo unali wokwera koma unkaoneka wathunthu. Pa pepalapo panalibe liwu limodzi lonena za magetsi.

Vuto linayambira pa mbewu. Chamba chimayamba maluwa chikaona kuti usiku watalika kufika maola 12 kapena kuyandikira pamenepo. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inazolowera dzuwa la kwawo la miyezi yotentha, lomwe limawala maola 15 kapena 16 patsiku, ndiye imakula kaye n'kudzachita maluwa masiku akayamba kufupika. Kuno kwathu usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Mbewu yotere ikafika ku Chikwawa imayamba maluwa idakali yofika m'mawondo. Ophunzitsa awo anatiuza kuti tidule nsonga kuti mtengo uchite nthambi zambiri, ndipo anyamata anadula monga anauzidwa. Koma kudula nsonga kumapindula pokhapokha mtengo ukadali ndi nthawi yophukira nthambi zatsopano. Mukadula womwe wayamba kale maluwa, mwachotsa ngala yaikulu, ndipo otsalawo ndi timaluwa tosadzaza chikhatho. Munthu wogulitsa mbewu yotere ku dera lino ankadziwa zimenezi, kapena ankayenera kudziwa.

Titadandaula, yankho linali lakuti tigule nyale zikuluzikulu zowonjezera maola a kuwala. Nyalezo anagulitsanso ndi iwo omwe. Munda wathu uli kutali ndi mawaya a magetsi, ndiye panafunika jenereta. Jenereta inafuna dizilo, pa nthawi yomwe anthu ankagona pa mizere ya mafuta ku Nchalo. Ngakhale omwe ali pafupi ndi mawaya asadzinamize: namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 megawatts kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo kuthima kwa magetsi kunali kwa tsiku ndi tsiku. Mbewu yozolowera nyale ikakhala mu mdima wautali masiku angapo otsatizana imayamba maluwa, ndipo kuibweza kumatenga nthawi komanso kumaisokoneza.

Koma chomwe chinatipweteka kwambiri ndi kutentha. Greenhouse ya pulasitiki inapangidwira kusunga kutentha m'madera ozizira. Ku Dedza kapena ku Bvumbwe ili ndi ntchito. Kuno mu Okutobala ndi Novembala panja pokha pamadutsa madigiri 40, pomwe chamba chimakula bwino pakati pa 25 ndi 30. M'kati mwa pulasitiki masana mumakhala ngati mu uvuni wa mabanzi. Masamba amapiringizika m'mbali, maluwa amakhala opepuka, ndipo akangaude ofiira, omwe alimi a tomato mumawadziwa bwino, amaswana mopanda malire chifukwa amakonda malo otentha ndi ouma. Amayi omwe ankagwira ntchito yothenera sankatha kulowamo ikangokwana 9 koloko m'mawa. Yankho la ogulitsa linali lomwe lija: gulani zina. Mafani akuluakulu, ndi khoma lonyowetsedwa ndi madzi kuti mpweya uzilowa wozizira. Dizilo winanso. Madzi enanso. Ndipo madzi a mijigo yambiri kuno kuchigwa ndi amchere, zomwe mayi aliyense wa ku Ngabu angakuuzeni osafunikira katswiri. Mchere unauma pa khoma lija mpaka linayera, timabowo ta mapaipi tinatsekeka, ndipo dothi la m'kati, lomwe mvula siligwera kuti ilitsuke, linayamba kuchita chikungu choyera pamwamba. Dothi limenelo mpaka lero silibereka ngakhale therere. Ndalama zomwe gulu linawononga pa dizilo ndi zida zowonjezera zinakafanana ndi mtengo wa greenhouse yomweyo, ndipo ena mwa mamembala anagulitsa ng'ombe kuti asonkhe.

Anthu amakonda kunena kuti chamba ndi mbewu yosamalira chilengedwe. Zimatengera kalimidwe. Ku America, komwe ambiri amalimira m'nyumba zotsekedwa zowalitsidwa ndi nyale, kafukufuku wa Evan Mills wa 2012 anayerekeza kuti ulimiwu unkadya pafupifupi 1 peresenti ya magetsi a dziko lonselo. Akatswiri a Colorado State University mu 2021 anapeza kuti kilogalamu imodzi ya maluwa ouma olimidwa m'nyumba zotere imatulutsa pakati pa matani 2 ndi 5 a mpweya wotenthetsa dziko. Greenhouse yathu sinali yofika pamenepo, poti dzuwa linkalowa, koma njira ndi yomweyo: kulimbana ndi nyengo pogwiritsa ntchito mafuta. Ife amene tinaona zomwe Freddy anachita mu Malichi 2023 tilibe chifukwa chowonjezera utsi m'mlengalenga kuti tiziziritse nyumba yomwe taitenthetsa tokha. Pulasitikinso dzuwa la kuno silimusiya. Amauma, amang'ambika ndi mphepo, zidutswa n'kumwazika m'minda momwe mbuzi ndi ng'ombe zimadya ziputu. Kulibe komubweza. Ena amamuwotcha, wina amatengedwa ndi madzi osefukira kukathera ku Elephant Marsh, dambo lomwe linalembedwa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 2017 ndipo limadyetsa asodzi ambirimbiri.

Ubwino wa greenhouse ndiunena, ngakhale mtima sukufuna: imatchinga mvula ndi fumbi, ndipo maluwa amatuluka aukhondo.

Shedi ya neti ndi mizati, mawaya ndi neti yochepetsa ukali wa dzuwa. Mphepo imadutsa, kutentha sikuunjikana, ndipo mvula ikagwa imatsuka mchere m'dothi. Timadzala mvula ikamatha, cha mu Epulo, n'kukolola kutentha kwa Okutobala kusanafike. Inde, miyezi imeneyo ndi yomwe usana umafupika kwambiri, koma mlangizi wina wa zaulimi ndi amene anatitsegula maso: poletsa mbewu kuchita maluwa msanga sipafunika nyale zamphamvu. Kuwala kochepa kwa maola owerengeka madzulo kapena pakati pa usiku ndi kokwanira kuti mbewu ipitirize kukula. Mababu ang'onoang'ono a sola ndi batire amagwira ntchitoyo, opanda jenereta, opanda phokoso. Mitengo ikafika pa msinkhu womwe mukufuna, mumazimitsa, yokha imayamba maluwa. Apa m'pamene kuthenera kumakhala ndi phindu, chifukwa nthawi ili m'manja mwanu.

Kathenedwe kathu mu shedi n'kosavuta. Nsonga timadula kamodzi, mtengo ukakhala ndi mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kuti m'malo mwa mutu umodzi utulutse nthambi zingapo zofanana msinkhu. Kenako timachotsa tinthambi tam'munsi tomwe dzuwa silitifikira. Timeneti timangodya chakudya osabereka kanthu, timagwira dothi lothovukira pothirira, ndipo ndi momwe chuku ndi nsabwe zimayambira. Chomwe sitichita ndi kupulula masamba akuluakulu monga mukuonera m'mavidiyo a pa YouTube. Anthu amenewo amalimira m'zipinda za nyale, akufuna kuwala kufike pansi. Kuno dzuwa ndi lochuluka kale, ndipo masambawo ndi amene amaphimba maluwa ndi dothi kuti zisapse. Mtengo wopululidwa pa Chikwawa umafota masana ngakhale mwathirira m'mawa. Timathenera m'mamawa kusanatenthe, sizasi timaipukuta ndi sipiriti tisanapite pa mtengo wina chifukwa pali matenda oyenda ndi mpeni, ndipo maluwa akayamba kukhazikika sizasi imapuma. Zodulidwazo sizituluka mumpanda. Timazikwirira pa dzenje la manyowa momwemo, mbali ina chifukwa cha nthaka, mbali ina chifukwa tsamba la chamba lopezeka m'thumba la munthu panjira ndi mlandu, ndipo likhoza kuika chiphaso cha gulu lonse pachiswe.

Pa mizati ndiye ndikupempheni, abale anga. Musalowe m'mphepete mwa Lengwe kapena Mwabvi kukadula tsanya. Mtengo umenewo umakula pang'onopang'ono, ndipo makala autha kale m'madera ambiri. Nimu ali pa khomo lililonse kuno, ukamudulira amaphukanso, ndipo chiswe sichimukonda. Nsungwi zimagwira ntchito ya mitanda. Neti nayo ndi pulasitiki, sindikana, koma mvula ikamayandikira mumaitsitsa, kuipinda ndi kuisunga m'nyumba, ndiye imakhalitsa ndipo madzi sangaikokolole. Greenhouse simungaipinde mutamva pa wailesi kuti namondwe akubwera.

Kuipa kwa shedi n'kwakuti nthawi ya mvula siithandiza. Chinyezi cha Januwale ndi Febuluwale chimawoletsa maluwa, choncho mumalima kamodzi pachaka basi.

Pamtetete ndi potchipa kuposa zonse, ndipo ndikumvetsa chifukwa chomwe ambiri akukopeka. Mitengo imakula kwambiri, kuthenera kwake n'kofanana ndi kwa mu shedi kupatula kuti nthambi zimafuna zochirikiza mwera ukamaomba. Koma mtengo waukulu pa dzuwa lopanda chotchinga umamwa kwambiri. Ofufuza a ku California mu 2015 ankawerengera malita pafupifupi 22 pa mtengo umodzi patsiku, ndipo anapeza kuti m'madera ena minda ya chamba inkafuna madzi oposa omwe timitsinje tinali nawo m'chilimwe. Kuno ludzu limenelo limakankhira mlimi ku dimba la m'mphepete mwa mtsinje. Amasadza bango ndi mitengo yogwira gombe, mvula ikabwera gombe n'kugumuka. Pitani mukaone momwe mtsinje wa Mwanza unadzadzira mchenga, ndi momwe umasefukira chaka ndi chaka. Mbewu ya ndalama zambiri ikalowa m'madimba, bango lotsalalo silipulumuka.

Palinso anansi. Chigwa chino ndi cha thonje, ndipo thonje limapoperedwa mankhwala pafupipafupi. Mphepo ikawanyamula n'kuwatula pa maluwa anu, kapena ngati mwadzala pamalo pomwe thonje lalimidwa zaka zambiri, ogula chamba cha mankhwala akayeza n'kupeza zotsalira amakana katundu yense. Chamba chimayamwanso zitsulo zoipa za m'dothi kuposa mbewu zambiri. Mungu wa mitengo yaimuna nawo umauluka kutali, ndipo maluwa akagwira njere mafuta amachepa. Neti sitchinga zonsezi, koma imachepetsa fumbi ndi mphepo, ndipo malo ake ndi ochepa moti mpanda wabwino umatheka.

Omwe minda yawo ili m'dera la ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe inakonzedwa kuti izitenga madzi pa Kapichira n'kuthirira mahekitala opitirira 40,000, adzakhala ndi mwayi wa madzi opanda mchere oyenda okha osafuna pampu. Kwa iwo shedi idzatchipa kwambiri. Kwa enafe, yesani kaye madzi a mjigo wanu musanagule ngakhale paipi imodzi.

Wogulitsa greenhouse akabwera kwanu ndi pepala lake, mufunseni alembe pansi kuti m'katimo mudzatentha madigiri angati masana a Okutobala, adzafunika malita angati a dizilo pa sabata, mbewu yakeyo inayesedwa kuti kuno kuchigwa, ndipo pulasitiki akang'ambika adzamutenga ndani. Mufunsenso kuti wogula maluwa ndi ndani, mgwirizano wake uli kuti, ndipo ndalama zoyezetsa alipira ndani. Chamba cha mafakitale sichiyenera kudutsa 1 peresenti ya THC, chinthu choledzeretsa cha m'chamba, ndipo mlingowo umakwera maluwa akamakhwima, ndiye kuyezetsa kuyenera kuchitika musanakolole, osati katundu ali kale m'matumba. Wathu uja mafunso amenewa titamufunsa mochedwa, foni yake inasiya kuyankhidwa, ndipo zitsulo za greenhouse yake tinazikuta neti.