Muli kale ndi digiri, mukufuna unamwino: ABSN, MSN, ADN kapena MSc ya ku Britain?

Alipo anthu ambiri amene anatenga digiri ya zaulimi ku Bunda, ya zamalonda ku Poly kapena ya uphunzitsi ku Chanco, koma lero akusamalira okalamba ku Leeds kapena ku Indiana. Akaganiza zolowa unamwino weniweni, mantha oyamba amakhala oti ayambiranso chaka choyamba ngati mwana wongochoka ku sekondale. Sizili choncho. Ku America ndi ku Britain kuli maphunziro achidule a anthu amene ali kale ndi digiri ina. Vuto ndi loti mawu oti "miyezi 12" kapena "zaka ziwiri" amene masukulu amaika patsogolo amangowerenga nthawi ya m'kalasi basi. Zimene zimasankhira munthu njira ndi zitatu: mapepala amene ali nawo m'dzikolo, ngati angathe kukhala osagwira ntchito, ndi dziko limene akufuna kudzagwirako ntchito akamaliza.

Tiyambe ndi America. Saint Louis University ndiyo inatsegula pulogalamu yoyamba ya digiri yachidule ya unamwino m'dzikolo mu 1971. Lero yodziwika kwambiri ndi ABSN, digiri yoyamba ya unamwino yofinyidwa m'miyezi 12 mpaka 18. Sikuti amadula maphunziro ayi. Maola a m'wodi ndi ofanana ndi a ophunzira a zaka zinayi. Chimene amachotsa ndi maphunziro a chisawawa amene munachita kale pa digiri yanu, ndi tchuthi. Teremu ikatha Lachisanu, mwina ina iyamba pakangopita sabata imodzi.

Musanaloledwe n'komwe, pali maphunziro oyambirira amene sukulu imafuna: Anatomy and Physiology zigawo ziwiri, Microbiology, Chemistry, Statistics, kadyedwe, ndi kakulidwe ka munthu kuyambira ukhanda mpaka ukalamba. Asayansiwo amafuna akhale ndi gawo la mu labu, ndipo masukulu ambiri sawalandira ngati papita zaka zoposa 5, ena 7, ena 10. Ndiye amene anachita Chemistry mu 2009 ayibwereza, afune asafune. Kwa munthu wa digiri ya zamalonda, maphunziro amenewa amatenga materemu awiri kapena atatu, chifukwa gawo lachiwiri la Anatomy simungalichite musanakhoze loyamba. Apa miyezi 12 ija yasanduka zaka ziwiri kapena kuposera. Malo otchipa ochitira maphunziro oyambirirawa ndi community college (koleji ya boma ya zaka ziwiri) ya m'dera lanu, koma funsani kaye sukulu imene mukufuna kupita ngati imalandira labu ya pa intaneti, popeza zina zimakana.

Digiri ya kwathu iyenera kuyesedwa ndi mabungwe monga WES kapena ECE. Pemphani kuti ayese phunziro lililonse palokha, osati digiri yonse pamodzi, chifukwa sukulu ikufuna GPA, avareji ya malikisi anu onse, ndipo nthawi zambiri imayambira pa 3.0. WES imafuna kuti zotsatira zanu zichokere ku yunivesite mwachindunji, osati zimene mwasunga m'sutikesi. Yambani ndi ichi musanachite china chilichonse, chifukwa ndi pamene miyezi imatayikira. Masukulu ena amawonjezera mayeso olowera a TEAS kapena HESI A2, ndipo ambiri amalandira makalata ofunsira malo kudzera pa tsamba la intaneti la NursingCAS.

Ndalama ndi pamene ABSN imaluma. Masukulu ena a boma amakhala pansi pa madola 40,000 kwa anthu okhala m'chigawocho, pamene ena oyima paokha amapitirira madola 80,000. Thandizo la boma losabweza la Pell Grant silipita kwa munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. Ngongole za boma zimatheka kwa nzika ndi a green card, koma zili ndi malire a digiri yoyamba, ndipo kawirikawiri sizikwanira. Wa viza ya ophunzira ya F-1 sazipeza n'komwe, ndipo amaloledwa kugwira ntchito maola 20 pa sabata pasukulupo. Ngakhale wololedwa kugwira ntchito mokwanira, masukulu amanena poyera kuti asayerekeze. Kalasi, labu, shifiti ya maola 12 m'chipatala ndi mayeso pafupifupi sabata iliyonse zimadya sabata yonse. M'masukulu ambiri malikisi okhozera ali pamwamba pa 70, ndipo ukalephera maphunziro awiri umachotsedwa, ngongole ili pamutu. Kwa munthu amene akutumiza fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza kumudzi mwezi ndi mwezi, funso lalikulu si loti mutu ugwira. Funso ndi loti ndani alipire lendi kwa miyezi 15.

Njira yachiwiri ndi MSN yolowa mwachindunji, masters ya munthu amene sanakhalepo namwino. Johns Hopkins inasiya digiri yoyamba n'kutsata njira imeneyi. Imatenga zaka pafupifupi ziwiri, zina zitatu, ndipo imadula kuposa ABSN. Ambiri amakopeka ndi dzina loti masters, koma tsiku loyamba pantchito mumakhala namwino watsopano ngati wina aliyense, ndipo malipiro oyambira sasiyana kwenikweni ndi a mnzanu wa ABSN. Masters imeneyi siikusandutsani nurse practitioner, namwino wololedwa kuyeza odwala ndi kulemba mankhwala, pokhapokha pulogalamuyo italemba choncho. Imapindulira amene akudziwa kale kuti akufuna kudzaphunzitsa kapena kutsogolera, ndipo ali ndi thumba lake.

Ndiye pali ADN, imene anthu a digiri amaiderera. Ndi maphunziro a zaka ziwiri ku community college, otchipa kutalitali, ndipo womaliza amalemba NCLEX-RN, mayeso a dziko lonse omwewo amene a ABSN ndi MSN amalemba, n'kulandira chiphaso chomwecho cha RN, namwino wovomerezeka. Ndondomeko yake imasiyako mpata wa mashifiti a kumapeto kwa sabata. Kuipa kwake ndi kuwiri. Malo ndi ochepa, moti anthu amadikira pamzere, nthawi zina chaka chathunthu. Komanso zipatala zikuluzikulu za m'mizinda zimakonda a BSN, digiri yoyamba ya unamwino, ndipo ku New York lamulo la 2017 limafuna kuti namwino watsopano apeze BSN m'zaka 10. Koma BSN yoonjezera imachitika pa intaneti munthu ali pantchito, ndipo zipatala zambiri zimathandiza kulipira. Kwa kholo limene silingasiye ntchito, ADN ndi njira yanzeru kuposa ABSN ya ngongole yaikulu. Fulumirani adadya gaga.

Njira zitatuzi zimakumana pa NCLEX-RN. Kulembetsa ku Pearson VUE, kampani yoyendetsa mayesowa, ndi madola 200, kuwonjezera ndalama ya bodi ya unamwino ya chigawo chanu. Kuyambira Epulo 2023 mayesowa ali ndi mafunso pakati pa 85 ndi 150, nthawi yake maola asanu, ndipo kompyuta imasankha funso lotsatira poona mmene mwayankhira lapitalo. Mukalephera mumadikira masiku 45. Musanalipire sukulu iliyonse, onani zinthu zitatu: ngati bodi ya chigawocho inaivomereza, ngati ili ndi chivomerezo cha CCNE kapena ACEN (mabungwe oyesa masukulu a unamwino), ndi kuchuluka kwa ophunzira ake amene amakhoza NCLEX ulendo woyamba, zimene mabodi ambiri amasindikiza. Funsaninso kuti ndi angati amene anayamba ndipo anamaliza ndi angati, chifukwa sukulu ikhoza kuonetsa chiwerengero chokongola pochotsa ofooka mayeso asanafike. Mu Januwale 2023 boma la America linaulula, pa kafukufuku wa Operation Nightingale, kuti masukulu ena a ku Florida anagulitsa mapepala abodza a unamwino oposa 7,600. Wina akakuuzani za sukulu yopanda mashifiti a m'chipatala, thawani.

Ku Britain nkhani imayenda mosiyana. Njira yachidule ndi MSc kapena PGDip ya unamwino ya zaka ziwiri, m'malo mwa zitatu za digiri yoyamba. Bungwe la NMC, limene limalembetsa anamwino ku Britain, limafuna maola 4,600, theka m'kalasi, theka m'chipatala ndi m'madera. Kuti zaka zitatu zilowe m'ziwiri, yunivesite imawerengera zimene munaphunzira ndi kugwira kale, ndipo lamulo limalola mpaka theka la pulogalamu. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri amafuna umboni wa maola mazanamazana osamalira anthu, wosainidwa ndi bwana wanu, pamodzi ndi zolemba zosonyeza zimene munaphunzirapo. Apa amene akugwira ntchito m'nyumba za okalamba ali ndi mwayi: ntchito yosambitsa, kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda ndi kuyeza BP imawerengedwa. Sungani mapepala a malipiro ndi ndandanda ya mashifiti. Amafunanso digiri yokhozedwa pa mulingo wofanana ndi 2:2 kapena 2:1 ya kumeneko, Chingerezi ndi masamu za mulingo wa GCSE (mayeso a ku sekondale), ndipo kawirikawiri IELTS ya 7.0. Za kufanana kwa digiri ya kwathu amaweruza ndi UK ENIC, ndiye pezani kalata yawo musanatumize pempho.

Kusiyana kwakukulu ndi koti ku Britain mumasankha gawo pachiyambi pomwe: akuluakulu, ana, matenda a maganizo, kapena anthu ovutika kuphunzira. Namwino wa ku America amaphunzirako pang'ono pa gawo lililonse, kuphatikiza uchembere, ana ndi matenda a maganizo. Izi zimadzavuta mtsogolo. Wophunzira gawo la akuluakulu ku Britain akafuna kusamukira ku America, mabodi a kumeneko nthawi zambiri amapeza kuti akusowa maola a uchembere, a ana kapena a matenda a maganizo, ndipo kukwaniritsa maolawo n'kovuta. Wochoka ku America kupita ku Britain amalemba mayeso awiri a NMC, a pa kompyuta ndi a OSCE ochita ndi manja. Choncho amene mtima wake uli ku Texas asayambire ku Manchester poganiza kuti ndi njira yachidule.

Wophunzira ku Britain salemba mayeso a dziko lonse ngati NCLEX. Akakhoza, yunivesite imatumiza dzina lake ku NMC. Koma mayeso a masamu a mankhwala ayenera kukhozedwa onse, 100 pa 100. Masamuwo si ovuta: dokotala walemba 750 mg, botolo lili ndi 250 mg mu 5 ml, mupereka 15 ml, diripi ya 1,000 ml m'maola 8 ndi 125 ml pa ola. Anthu amagwa pa kadontho koika malo olakwika ndi posintha ma microgram kukhala ma milligram ali ndi mantha. Masukulu a ku America nawonso amaumirira pa masamu amenewa.

Pa ndalama, England imaposa America kutali, koma kwa okhawo owerengedwa ngati a m'dzikomo, kutanthauza nthawi zambiri munthu wa chilolezo chokhazikika amene wakhalako zaka zitatu. Woteroyo fizi yake inali mapaundi 9,535 pachaka mu 2025/26, ndipo kuyambira 2018 amapeza ngongole ya boma ya fizi ndi ya chakudya ngakhale ali kale ndi digiri. Pamwamba pake NHS Learning Support Fund imapereka mapaundi 5,000 pachaka osabweza, 2,000 kwa amene ali ndi mwana, ndi 1,000 kwa a gawo la matenda a maganizo kapena la ovutika kuphunzira. Akamaliza amayamba pa Band 5, gawo la malipiro a NHS limene linkayambira pa mapaundi 31,049 pachaka mu 2025/26. Mashifiti a m'chipatala salipidwa, ndipo amaphatikiza usiku ndi Loweruka ndi Lamlungu, nthawi zina kutali ndi kumene mukukhala.

Amene ali pa viza ya ntchito yosamalira anthu zonsezi sazipeza. Fizi yake ndi ya mlendo, yokwera kwambiri, ndipo viza yake yamangidwa pa ntchito imene anamuitanira, imene siingayendere limodzi ndi maphunziro a sabata yonse. Kusinthira ku viza ya ophunzira kumabweretsa malire a maola 20, ndipo kuyambira Januwale 2024 wophunzira masters ya m'kalasi saloledwa kubwera ndi banja. Kwa ambiri otere, nzeru ndi kudikira mpaka mapepala akhazikike, uku akuunjika maola ndi kukonza IELTS. Palinso njira ya apprenticeship, pamene bwana amalipira fizi munthu akulandira malipiro. Imatenga zaka pafupifupi zinayi ndipo malo ake ndi osowa.

Nanga amene ali ku Lilongwe, Chipata kapena Harare? Kuchoka kwathu kukachita ABSN ndi njira yodula kuposa zonse: fizi ya mlendo, palibe ngongole ya boma, chilolezo chogwira ntchito mukamaliza ndi cha miyezi 12 yokha, ndipo kuyambira 2025 America yakhwimitsa malamulo a viza kwa anthu a ku Malawi ndi Zambia. Digiri ya zaka zinayi ya ku Kamuzu University of Health Sciences ndi yaitali, koma imaphatikiza unamwino ndi uzamba, zimene ABSN ndi MSc ya akuluakulu sizipereka. Dziwani kuti Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique ali pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko osowa ogwira ntchito zachipatala, choncho mabungwe a ku Britain saloledwa kubwera kudzasaka anamwino, ngakhale munthu payekha akhoza kufunsira ntchito. Ndipo wophunzira kunja amene akufuna kudzagwira ntchito ku Malawi ayenera kulembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, choncho asunge ndandanda ya maola a phunziro lililonse ndi wodi iliyonse, yosainidwa ndi sukulu, asanachoke pasukulupo.