Galasi lotchinga mphepo patatha miyezi 14: ndinagula lalitali, kenako ndinalidula

Nditangomanga galasi lalitali pa njinga yanga yamoto, ndinkauza aliyense kuti nkhani ya mphepo ndathana nayo. Apo n'kuti nditayenda nalo masiku atatu okha. Tsopano papita miyezi 14, ndayenda nalo makilomita opitirira 11,000, padzuwa, pamvula ndi usiku womwe, ndipo galasi lomwelo ndinalidula masentimita 6. Inu amene munandimva ndikulichemerera nthawi ija, imvaninso mbali inayi.

Njinga yanga ndi ya injini ya 650cc, yokwera utakhala tsonga, ndipo inabwera ndi kagalasi kakafupi kolekeza m'munsi mwa chifuwa. Pa makilomita 60 pa ola kanalibe vuto. Koma mphepo siikula mofanana ndi liwiro: ukawirikiza liwiro kawiri, iyo imakukankha mowirikiza kanayi. Ndiye ndikafika pa 110 ndinkachita kukakamira mahandulo ngati wina akundikoka malaya kumbuyo, ndipo pakatha maola awiri khosi ndi mapewa zinkakhala zitauma gwa. Nzeru yanga inali yachidule: galasi likatalika, mphepo ichepa. Ndinasankha lalitali kuposa onse okwana pa njingayo, masentimita 56 kuchokera pamwamba pa nyali.

Pachifuwa linagwiradi ntchito, ndipo apa sindibweza mawu. Manja anapepuka, tizilombo ndi timiyala tothawa m'matayala a malole tinkathera pagalasi, ndipo m'mawa kukazizira ndinkafika kumene ndikupita zala zikugwirabe.

Vuto loyamba linaonekera mvula itayamba. Mlomo wa galasi unkadutsa ndendende pamaso panga. Ndikakhala tsonga ndinkaona msewu pamwamba pake, ndikatopa n'kuwerama pang'ono ndinkaonera m'kati mwake, ndipo nthawi zambiri mzerewo unkangodula msewu pakati. Kunja kukayera umazolowera. Koma njinga yamoto ilibe mawaipa ngati galimoto. Madontho amangokhala mbuu pagalasi, fumbi n'kusanduka matope, ndipo usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amamwazika pa dontho lililonse ndi pa kamkwasa kalikonse. Chinanso chimene sindinkachidziwa n'chakuti mphepo ija ndinkaida ndi imene inkapukuta galasi la helemeti yanga. Nditaitchinga yonse, madzi ankangokhala pamenepo, nthunzi ya mpweya wanga n'kuunjikana m'kati. Magalasi awiri onyowa pakati pa maso ndi msewu! Usiku wina ndinaona dzenje nditalifika kale. Sindinagwe, koma tayala lakutsogolo linagunda mwamphamvu moti ndinaima pambali miyendo ikunjenjemera.

Vuto lachiwiri ndi limene linanditengera nthawi kuti ndilimvetse. Kuyambira pa 90 kupita m'tsogolo mutu unkagwedezeka, phaphapha, ngati wina akuomba helemeti ndi zikhatho mbali zonse ziwiri, mpaka zolemba pa zikwangwani kumaoneka ziwiriziwiri. Chimachitika n'chakuti galasi likang'amba mphepo, kumbuyo kwake kumatsala malo a mpweya wochepa mphamvu. Mphepo yodutsa pamwamba ndi m'mbali imapindikira m'malo amenewo ikuzungulira ngati madzi kuseri kwa mwala mumtsinje, ndipo mutu wa woyendetsa umakhala pomwepo. Galasi likakula, malo amenewa amakulanso. Kagalasi kakafupi kaja kankandimenya ndi mphepo yambiri koma yosalala. Lalitalili linkandipatsa yochepa koma yovunduka, ndipo yovundukayo ndi imene imatopetsa.

Pali njira ziwiri zosavuta zodziwira kumene vuto likuchokera, bola muziyesera pamsewu wowongoka wopanda magalimoto. Yoyamba ndi kudzuka pang'ono pachishalo kuti mutu utuluke pamwamba pa galasi. Ine nditatero kugwedezeka kunatheratu, kunangotsala mphepo ya fiii yosasinthasintha. Yachiwiri ndi kuyendetsa dzanja lamanzere pang'onopang'ono kutsogolo kwa chifuwa, m'mbali mwa thanki ndi pansi pa chibwano, kufuna pamene phokoso likusintha. Ndinadabwa kupeza kuti mbali ina ya mphepoyo siinkachokera pamwamba n'komwe, inkakwera kuchokera pansi, m'mipata ya mafoloko, n'kulowa m'munsi mwa helemeti. Imeneyo ngakhale mutagula galasi lofika kumwamba siingathe.

Ndisanagwire sowo ndinachita chimene ndinayenera kuchita ndisanagule. Ndinaimika njinga pamalo osalala, mnzanga atayigwira kuti iwongoke, chifukwa ikatsamira pa sitandi muyeso umanama. Ndinavala helemeti n'kukhala mmene ndimakhalira ndikayenda ola lathunthu, osati mmene munthu amakhalira pojambulitsa. Kenako tinamata timizere ta tepi pagalasi, motalikirana masentimita awiriawiri, ndipo ndinayenda nato masabata awiri ndikuyang'ana mzere umene ukundikomera. Ambiri odziwa za njinga amati mlomo wa galasi uzikhala cha pansonga ya mphuno, kuti uziona msewu pamwamba pake kuyambira mamita pafupifupi 15 kutsogolo, koma ukafuna kubisala mvula kapena fumbi la lole ungowerama pang'ono. Kwa ine mzere umenewo unali wachitatu kuchokera pamwamba.

Apa ndiyikepo chenjezo kwa amene amafunsa anzawo kuti "ndine wamtali mwakuti, ndigule la masentimita angati?" Funso limeneli silithandiza kwenikweni. Mnzanga wondigwirira njinga uja ndi wofanana nane msinkhu, koma iye ndi wa miyendo yaitali ndi thunthu lalifupi. Atakhala pachishalo changa, galasi limene linkandidula maso iye linamuphimba mpaka pachipumi. Chofunika ndi kutalika kwanu kuchokera pachishalo kufika pamaso, ndipo chishalo chikafewa kapena mukachisintha, muyesowo umasinthanso.

Galasi langa ndi la pulasitiki wa mtundu wa acrylic. Mtundu winawo ndi polycarbonate, umene susweka msanga ukagundidwa koma umakandika mosavuta ngati sunakutidwe ndi utoto wolimba woonekera, ndipo zokandikazo n'zovuta kuchotsa. Acrylic imalola kupolishidwa koma imang'aluka ukaipanikiza. Ndinamata tepi mbali zonse ziwiri, kujambula mzere wotsatira kupindika kwa mlomo wakale, kudula mosathamanga ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, kenako kusalaza ndi sandipepa. Pomanganso ndinaika timphira tokhuthala masentimita 1 pa mabawuti am'munsi kuti pakhale mpata woti mphepo ina izilowa pansi n'kukwera kuseri kwa galasi, kukadzaza malo a mpweya wochepa mphamvu aja. Ndi chifukwa chomwecho magalasi ena amabwera ndi kabowo m'munsi, ndipo ena, monga Givi Airflow, ali ndi zigawo ziwiri zotsetsereka.

Kunena zoona, kudula kunakonza maso, koma chimene chinachepetsa kugwedezeka kwa mutu ndi kampata kaja. Tsopano mphepo imadutsa pamwamba pa helemeti mosalala, ndipo mvula ikamagwa ndikangokweza mutu pang'ono madontho amasesedwa. Phokoso lokha silinathe, mwinanso linawonjezekako pang'ono. Pa 100 phokoso la mphepo m'kati mwa helemeti limapitirira madesibelo 90 (muyeso wa kukula kwa phokoso), pamene malire odziwika a malo ogwirira ntchito ndi 85 kwa maola 8. Choncho pa ulendo wautali ndimavala zotsekera m'makutu, zimene ndinkaziona ngati zachibwana kale.

Zina zing'onozing'ono: kukatentha, kuseri kwa galasi lalikulu kumatentha zedi ukamayenda pang'onopang'ono. Mphepo ya m'mbali siindivutitsa kwambiri chifukwa langa linamangidwa ku thupi la njinga; omanga ku mahandulo amaimva m'manja lole ikadutsa. Mayi akunyumba, amene amakwera kumbuyo, akuti galasi lisanadulidwe mphepo yonse yondilumpha ine inkagwera iwo, ndipo tsopano zachepako koma sizinathe.

Patatha miyezi yonseyi galasi likadali loyera, kupatula pakona imodzi pamene ndinapukuta fumbi ndi nsalu youma. Masiku ano ndimayala nsalu yonyowa kwa mphindi zisanu kuti tizilombo tifewe, kenako madzi ndi sopo wofewa, osati petulo kapena mankhwala otsukira mawindo okhala ndi ammonia. Pa bawuti imodzi panayamba kamng'alu chifukwa ndinamangitsa kwambiri. Ndinaboola kabowo kakang'ono kumapeto kwake kuti kasapitirire, ndipo kwa miyezi isanu tsopano kadakali pomwepo.