Etymonline ndayiyesa ndi mawu oti voice

Amene mumakonda kufufuza komwe mawu achingerezi anachokera, saiti ya Etymonline musaiphonye, ndi yaulere komanso apu yake ya pafoni ilipo. Anaiyambitsa Douglas Harper mu 2001 ndipo ntchito yake ndi imodzi basi, kukuuzani mbiri ya mawu.

Mukalemba voice imakutulutsirani zonse pompo. Mawuwa analowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 kuchokera ku Chifalansa chakale voiz, chomwe nacho chinatola ku Chilatini vox, kutanthauza liwu kapena kamvekedwe. Chandisangalatsa kwambiri nchoti Angerezi akale anali ndi mawu awoawo oti stefn, achibale a Stimme wa Chijeremani, koma anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066 Chifalansa chinasanduka chilankhulo cha mabwana ndi makhoti ndiye stefn uja anangozimirira pang'onopang'ono, voice nkutenga malo.

Pomwe saitiyi yandigwira mtima ndi ma link aja. Mukadina limodzi likupititsani kwina, mupeza kuti vocal, vocation, invoke onsewa ndi mtundu umodzi, ngakhale vowel amene, poti ndi chilembo chotuluka ndi liwu lokha. Advocate poyamba anali munthu woitanidwa kudzakuimirira pa mlandu. Ukhoza kutha ola lathunthu osazindikira, zoona.

Koma dziwani chomwe mukupita kukatenga. Etymonline si dikishonale yophunzirira kagwiritsidwe ntchito ka mawu, ndipo eni ake sabisa zimenezi. Mwana wasukulu amene akufuna kumvetsa active voice ndi passive voice, zija za "galu waluma mwana" ndi "mwana walumidwa ndi galu", sapindula kwenikweni pano. Chimodzimodzi voiced ya ophunzira katchulidwe, yomwe mumaimva mukagwira pakhosi nkutchula z kenako s, pa z pamanjenjemera pa s ayi. Nanga voice ngati mneni, kunena poyera dandaulo lako, kapena have a voice kukhala ndi mpata wolankhulapo pa nkhani? Zimenezo pitani pa Cambridge Dictionary, ali ndi ziganizo zachitsanzo zambiri komanso mumadina kachizindikiro ka sipika nkumva katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America.

China choti mukonzekere ndi zidule. Akalemba 13c. akutanthauza zaka za m'ma 1200 osati 1300, apa ambiri amasokonezeka. PIE (Proto-Indo-European) ndi chilankhulo chamakedzana chomwe akatswiri anachita kuchilumikiza poyerekeza zilankhulo, sichinalembedwepo, nchifukwa chake muzu wa voice amaulemba ndi kanyenyezi kutsogolo, *wekw-, kulankhula.

Ine ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Aphunzitsi a Chingerezi makamaka, ikani apuyi mufoni.