Galleri: Kuyeza Khansa M'magazi Pamtengo wa Madola 949

Achimwene anga, amene ndimakhala nawo kuno ku Indiana, anasuta fodya kwa zaka zoposa 30, ndipo ngakhale anasiya kalekale komanso sadandaula paliponse, mtima wanga sunali m'malo. N'chifukwa chake ndinawalipirira kuti akayezetse magazi m'njira yotchedwa Galleri, ya kampani ya GRAIL ya ku California.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Dokotala analemba kalata yovomereza, namwino anatenga magazi a pamkono m'timabotolo tiwiri, ndipo patatha pafupifupi milungu iwiri zotsatira zinafika zonena kuti chizindikiro cha khansa sichinapezeke. Chimene amafufuza m'magaziwo ndi tizidutswa ta DNA timene maselo amataya akamafa. Tizidutswa tochokera m'chotupa timakhala ndi zizindikiro za methylation (timankhwala tomwe timamatirira pa DNA) zosiyana ndi za maselo abwinobwino, moti makina amatha kulozanso chiwalo chimene matenda ayambira, kaya ndi mapapo, chiwindi kapena kapamba.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti siichititsa anthu mantha pachabe. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021 anaonetsa kuti mwa anthu 200 opanda khansa, ndi mmodzi yekha amene imamunamizira. Koma kafukufuku yemweyo ndiye anandichotsa chimwemwe nditamuwerenga mofatsa. Khansa ikakhala pagawo loyamba, pamene madokotala angathe kudula chotupa munthu n'kuchira, njirayi inazindikira odwala 17 okha pa 100 alionse, pomwe pagawo lachinayi, khansa itafalikira kale m'thupi, inazindikira 90. Chotupa chaching'ono chimataya DNA yochepa kwambiri m'magazi, ndipo khansa ya m'mapapo nthawi zambiri imakula mwakachetechete, osatsokomoletsa munthu, kufikira itafalikira. Choncho pepala limene achimwene anapinda bwinobwino n'kuika m'Baibulo mwawo silinali umboni wakuti mapapo awo ali bwino.

Eni akewo amanena poyera kuti Galleri ndi yongowonjezera, si yolowa m'malo mwa njira zina, ndipo pamenepa ndikuwayamikira. Kwa wosuta fodya, chotsimikizika ndi sikani ya CT ya mphamvu yochepa (kujambula mapapo ndi makina oonetsa m'kati mwa thupi), imene kafukufuku wa mu 2011 wa anthu oposa 53,000 kuno ku America anaonetsa kuti imachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi 20 peresenti poyerekeza ndi X-ray.

Madola 949 aja anatuluka m'thumba mwanga, pomwe sikaniyo, imene achimwene anakajambulitsa mwezi wotsatira nditawaumiriza, inshuwalansi yawo inalipira yonse chifukwa cha msinkhu wawo ndi zaka zimene anasuta. Ndikanayambira kumeneko.