Kathebulo ka bolodi ka ku Kalingalinga, patatha miyezi 10

Mu Ogasiti 2024 mwana wathu wachisamba ankakwanitsa zaka 5. Atate ake ankafuna timugulire tabuleti, ine ndinakakamira kathebulo. Ndinapita kwa akalipentala a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, mu mzinda wa Lusaka, n'kuwafotokozera chimene ndinkafuna: thebulo lalifupi, pamwamba pake apake penti wakuda wa bolodi, pansi pakhale kadirowa kosungiramo choko, ndiponso timipando tiwiri. Anzanga amene munandifunsa nthawi ija ngati kadzalimbe, yankho lake ndi ili.

Ntchito yake yoyamba sinali ya sukulu. Tinaikapo keke ya tsiku lobadwa, imene ndinaphika pa mbaula, mchenga pansi pa poto, makala pa chivundikiro, poti malaiti anali atapita. Ana a moyandikana nafe analemba mayina awo mozungulira mbale, ndipo zinakoma. Koma pamene panadonthera mafuta a keke choko chinakana kugwira kwa milungu iwiri, mpaka nditatsuka ndi sopo kangapo. Musadyerepo osayala nsalu.

Phindu lake ndinaliona mu Seputembala ndi Okutobala, madzi atatsika ku damu la Kariba, kumene amapangirako magetsi, chifukwa cha chilala cha chaka chimenecho. Kwathu ku Chilenje malaiti ankabwera pakati pa usiku, kukacha apitanso. Tabuleti ikanangokhala chokongoletsa m'nyumba. Ife m'mawa uliwonse tinkanyamula kathebulo kathu n'kukaika pansi pa mtengo wa mango kusanatenthe. Tinayamba ndi a e i o u, kenako ma me mi mo mu, ta te ti to tu. Chinyanja n'chokoma pophunzitsa chifukwa mmene umamvera ndi mmenenso umalembera. Tsiku limene anaphatikiza yekha "ma" ndi "ma", n'kukweza mutu kundiyang'ana, ndinaiwala kuti ndatereka nyemba pamoto. Masamu timawerengera zitsekero za mabotolo: ndimajambula mabwalo atatu pa bolodi, iye n'kugawa zitsekero 12 mofanana. Akalakwa amangofufuta ndi kansanza, palibe kulira ngati mmene amachitira akaboola pepala ndi labala.

Mng'ono wake wa zaka 2 ndiye ankadya choko. Ambuya ake atamuona anangoti, "Musamukalipire, amake mwana, m'patseni makala azilembera pakhonde." Khonde lathu silinayerenso, koma choko chinapulumuka.

Zovuta zilipo. Matabwa ake ndi a paini, ofewa, ndipo mvula itayamba kadirowa kanafufuma n'kukana kutseguka kuyambira Disembala mpaka Epulo, choko chili momwemo. Penti anasuluka pakati pomwe amalemba kwambiri. Mu Febuluwale ndinagula kachitini ku Kamwala n'kupakanso ndekha kawiri, ndipo wanga wakhalitsa kuposa woyamba uja. Mpando umodzi unayamba kugwedera chifukwa anangokhoma misomali popanda guluu. Ndinaubweza, bambo aja anaukonza osandilipiritsa, n'kundiuza mosabisa kuti pa ndalama imene ndinanenerera sindikanapeza miyendo ya mukwa, umene ambuya amautcha mlombwa. Zoona zake, ndinawapanikiza kwambiri pa mtengo. Fumbi la choko limatsokomoletsa mwana mukalembera m'nyumba, n'chifukwa chake ife timakonda panja, koma madzulo kathebulo kalowe m'nyumba. Tinakaiwala panja masiku atatu tili kumaliro, tinapeza chiswe chayamba kale mwendo umodzi.

Ndikanati ndiyambirenso, ndikanawonjezera ndalama kuti miyendo ikhale ya mukwa, kadirowa ndikanakasiya n'kugwiritsa ntchito chitini, ndipo ndikanapempha kuti katalikeko pang'ono. Mwana wakula msanga, mawondo ayamba kugunda kunsi kwa thebulo. Atate ake, amene ankafuna tabuleti aja, ndi amene akuti Loweruka apite ku Kalingalinga akayezetse lalitali, kakang'onoka katsalire wodya choko uja.