Galaxy Zoo: yaulere, imatopetsako, koma ndiyeyeseni ndithu

Kwa amene simukuidziwa, Galaxy Zoo ili pa Zooniverse, webusayiti yomwe anthu wamba amathandizirapo akatswiri a sayansi pa kafukufuku, inayambitsidwa mu 2007 ndi Chris Lintott ndi Kevin Schawinski ku Oxford. Amakuonetsa chithunzi cha mlalang'amba iwe nkumayankha, kodi ndi wozungulira bwinobwino, uli ndi mikono yopindika, wagundana ndi unzake, basi. Kulowa sikuvuta ndipo sulipira kanthu. Kunena zoona zithunzi zambiri sizokongola ngati zija za Hubble, telesikopu ya mumlengalenga, timazionera pa intaneti, zambiri ndi kadontho kosaoneka bwino pakati pa mdima, ndipo mafunso ndi omweomwewo mpaka tulo.

Chimene ndimaipatsira ulemu ndi nkhani ya ma Green Peas. Mu 2007 momwemo anthu wamba ongodzipereka anayamba kuona timadontho tobiriwira mu zithunzi za Sloan Digital Sky Survey, kafukufuku wamkulu wojambula thambo, tosagwirizana ndi funso lililonse, nkumatisonkhanitsa okha mpaka akatswiri anatulutsa lipoti mu 2009. Kani ndi timilalang'amba ting'onoting'ono tomwe tikubala nyenyezi mothamanga zedi, ndipo kubiriwirako kukuchokera ku okosijeni wotentha kwambiri.

Nde apa ndi pomwe pakoma. Nyenyezi zikuluzikulu zatsopano zimatulutsa kuwala kwamphamvu kopitirira 13.6 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu), kotha kuchotsa elekitironi pa haidrojeni, koma mu milalang'amba yambiri kuwalako kumathera mkati momwemo chifukwa gasi amakumeza. Mu timilalang'amba iti mphamvu yokoka ndi yochepa, ndiye mphepo za nyenyezi ndi ma supernova (kuphulika kwa nyenyezi) zimaboola gasi uja nkusiya mipata, penanso gasiyo wachotsedwa kale ma elekitironi moti sangamezenso kanthu, kuwala nkupulumuka. Mu 2016 gulu la Yuri Izotov linagwiritsa ntchito Hubble nkupeza kuti pa kamodzi mwa timilalang'amba iti, kotchedwa J0925+1403, pafupifupi 8% ya kuwala kotereku ikutuluka. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa mzaka pafupifupi 1 biliyoni zoyambirira za chilengedwe china chake chinachotsa ma elekitironi pa haidrojeni yense wa pakati pa milalang'amba, ndipo ambiri akuloza timilalang'amba ngati timeneti. Takale kwambirito sitingatiyeze mwachindunji poti haidrojeni wa m'njira amameza kuwalako kasanatifike, nde timadalira tapafupi.

Musalowe ndi mtima woti mawa mutulukira chatsopano, mwayi wake ndi wochepa. Koma chikakudabwitsani chithunzi china musangodina nkupitirira, chilembeni chizindikiro kuti ena achione.