Miyezi 7 ndili membala wa kalabu ya masapota a hockey: $250 yanga inapita kuti?

Sizoni yatha, ayezi wa m'bwalo amusungunula, ndipo dzana kwabwera kalata yondikumbutsa kuti ndilipirenso umembala. Mayi akunyumba anangoiika patebulo n'kunena kuti, "Abambo, muwerengere kaye musanasaine." Ndawerengera, ndipo zomwe ndapeza ndi izi.

Mu Okutobala chaka chatha, ndili ndi sabata ziwiri zokha mu kalabuyi, ndinalemba moyamikira kwambiri. Ndinatama sikafu yomwe anandipatsa, malo oimika galimoto, ndi khofi waulere. Anzanga ena anandiseka kuti mwana wa ku Ndirande, wokulira pa Kamuzu Stadium, akugwirizana pati ndi masewero a pa ayezi. Kusekako ndinakulandira. Chomwe ndikuona tsopano n'chakuti zinthu zomwe ndinatama nthawi ija si zomwe zandisunga mpaka Malichi.

Kwa amene simunamvepo, kuno ku America matimu a m'makoleji amakhala ndi magulu a anthu wamba omwe amasonkha ndalama zothandizira timu. Amawatcha booster club, ndipo ambiri a hockey amakonda dzina loti Blue Line Club, potengera mizere iwiri yabuluu yomwe imadula bwalo patatu. Ine ndimakhala ku Minnesota, dera lomwe limadzitcha State of Hockey. Makoleji 6 a kuno ali ndi matimu aamuna mu Division I, gawo lapamwamba la NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji: University of Minnesota, Minnesota Duluth, St. Cloud State, Minnesota State ya ku Mankato, Bemidji State ndi St. Thomas. Timu yanga ndi imodzi mwa amenewa. Sinditchula kuti ndi iti, chifukwa pali zina ndidandaule, ndipo anthu oyendetsa kalabuyi ndi ongodzipereka, salandira kanthu.

Umembala unali ndi masitepe atatu. Ine ndinasankha ya pakati, $250. Chinthu choyamba chomwe sindinachimvetse polowa n'chakuti ndalamayi sikugulira tikiti. Matikiti a sizoni yonse, wanga ndi wa mwana wanga wa zaka 9, ndinagula padera. Pa za matikiti, umembala umangokupatsa mwayi wosankha mpando anthu ena asanasankhe, basi.

Tiyambe ndi zogwirika m'manja. Sikafu ija inayamba kusosoka ulusi Khirisimasi isanafike. Dzina langa linasindikizidwa m'kabuku ka pulogalamu monga analonjezera, koma analakwitsa kalembedwe, ndipo ngakhale ndinawauza kawiri, linakhala choncho mpaka sizoni kutha. Malo oimika galimoto ndiwo anandipindulira. Ndinapita ku masewero 14 apakhomo, ndipo osakhala membala amalipira $10 ulendo uliwonse. Imeneyo ndi $140 yomwe inatsala m'thumba. Komanso mu Januwale, kuzizira kukafika madigiri 25 pansi pa ziro, kuyenda mphindi zitatu m'malo mwa mphindi 15 uli ndi mwana si nkhani yaing'ono. Ukaphatikiza sikafu ndi makapu a khofi, mwina ndinabweza $180. Munthu wongofuna phindu la pamasamu, apa waluza.

Koma pali kachipinda kena. Masewero a hockey amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo pakati pake pamakhala kupuma pamene chigalimoto chotchedwa Zamboni chikusalaza ayezi. Nthawi imeneyi mamembala amalowa m'kachipinda kam'mwamba momwe mumakhala khofi, mabisiketi, nthawi zina nyemba zophika ndi nyama yogaya zomwe kuno amati chili. Masewero atatu oyamba ndinkaima pakona, kapu m'manja, ngati mlendo pa maliro a mudzi wina. Lachisanu lachinayi, agogo ena aakazi, atavala juzi ya timu yakale kwambiri moti mtundu unachita kufwifwa, anandifunsa ngati ndinamvetsa chifukwa chomwe oyimbira anakanira chigoli chathu. Ndinavomera kuti ayi. Anatenga kapepala kopukutira pakamwa n'kujambula mzere wabuluu. Anati kachimbale kakuda kaja, puck, kayenera kuyamba kuwoloka mzerewo osewera asanawoloke. Ndinazindikira kuti ndi offside, koma woyezera pa mzere osati pa wotchinga kumbuyo womaliza ngati mu mpira wathu.

Kuyambira tsiku limenelo agogowa anakhala aphunzitsi anga. Ndiwo anandifotokozera chifukwa chomwe osewera amalumphira m'bwalo ndi kutuluka masewero ali mkati: munthu sangathe kuthamanga pa liwiro lotere kupitirira mphindi imodzi, choncho amasinthana mosaimitsa. Ndiwo anandiphunzitsa kuyang'ana timu ikakhala ndi osewera asanu pomwe inzake ili ndi anayi, wina atatsekeredwa m'kabokosi kwa mphindi ziwiri chifukwa cholakwa. Ndinawafunsa kuti nanga ndewu zija timaziona pa TV zili kuti. Anaseka n'kunena kuti zimenezo n'za akuluakulu a NHL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa. Ku koleji ukamenyana amakutulutsa ndipo masewero otsatira susewera, komanso aliyense amavala chotchinga nkhope yonse. Amuna awo, abambo osayankhula kwambiri, anayamba kusungira mwana wanga mpando pafupi ndi zenera. Pofika Febuluwale ndikajomba, sabata yotsatira ankandifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Ndakhala mumzinda uno zaka zingapo, ndipo anthu akuno ndi aulemu koma otsekeka. Amakumwetulira, koma pakhomo pawo sufikapo. Kachipinda kaja ndi malo oyamba pomwe anthu osakhala a kuntchito kapena a kutchalitchi anandidziwa dzina, ndipo iwo amalitchula bwino kuposa kabuku kaja.

Nkhani yomwe inatsala pang'ono kundichititsa manyazi inachitika mu Disembala. Kalabu inakonza tsiku loti ana a mamembala akatsetsereke pa ayezi limodzi ndi osewera. Mwana wanga anali asanavalepo nsapato zampeni zija. Mnyamata wina wa timu, wotchinga kumbuyo, wamtali ngati mlongoti, anamugwira dzanja kwa theka la ola, kumudzutsa akagwa, osatopa. Ine mtima wa kwathu unandigwira. Kwathu wosewera akakusangalatsa umamufupa, palibe amafunsa. Ndinapisa m'thumba kutulutsa $20 kuti mnyamatayo akagule chakumwa. Bambo wina wa komiti anandigwira pamkono mwaulemu n'kunditengera pambali. Anandiuza kuti ukangopereka ndalama ku kalabu yotere, NCAA imakuwerengera ngati woimira zofuna za timuyo, ndipo dzina limeneli silifufutika ngakhale utasiya kulipira. Kupatsa wosewera ndalama m'manja, kumubwereka galimoto, kapena kukopa mwana wa kusekondale kuti adzasewerere koleji yanu, zonsezi zingaike wosewerayo ndi timu m'mavuto. Ndinafunsa kuti nanga kumuitana kudzadya nsima? Anati chakudya cha apo ndi apo pakhomo chimaloledwa, koma uyambe wadziwitsa ofesi yoona za malamulo pa kolejipo. Ndinabweza $20 yanga m'thumba. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditatsegula kale pakamwa.

Chondidabwitsa n'chakuti kuyambira Julaye 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kulandira ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo, zomwe amati NIL. Sitolo ikhoza kulipira goloboyi kuti aoneke pa chikwangwani chake. Koma iyo ndi ntchito ya mgwirizano wolembedwa. Kufupa kwa chimwemwe chabe kulibe malo. Mpaka lero zimandivuta kumeza, koma ndi mmene zilili.

Tsopano zodandaula. Chinthu chomwe kalabu imachitama kwambiri ndi nkhomaliro ya Lachisanu pomwe kochi amabwera kudzayankhula ndi kuyankha mafunso. Ndinapitako kawiri kokha. Imachitika 12 koloko masana, nthawi yabwino kwa opuma pantchito ndi eni mabizinesi, osati kwa ife a mashifiti. Chakudya umalipiranso padera. Ulendo woyamba kochi anayankhula zomwe aliyense akanaziwerenga munyuzi. Wachiwiri unali wabwinopo, chifukwa timu inali itagonja Lachisanu ndi Loweruka lomwe sabata yapitayo, ndipo abambo ena anamufunsa mosapsatira chifukwa chomwe sanasinthire goloboyi. Kochi anafiira pang'ono koma anayankha, n'kuonetsa pa kanema pomwe otchinga kumbuyo anamusiyira goloboyiyo yekha. Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri. Ndinapempha a komiti kuti ayeseko kamodzi madzulo. Anati aganizira. Akuganizirabe.

Ulendo wa pa basi wokaonera timu ikusewera koyenda unalephereka chifukwa cha chipale chofewa, ndipo ndalama zathu zinatenga sabata zisanu kuti zibwere. Nyengo sindingaiimbe mlandu. Kuchedwako ndi kumene kunandinyansa.

Za komwe ndalama zimapita, ndinafunsa kuyambira Novembala, yankho linabwera pa phwando lotsekera sizoni mu Epulo. Anatiwerengera kuti zathandiza pa chakudya cha osewera paulendo, makina onolera nsapato zija, ndi zipangizo za kanema zounikira masewero. Ndikukhulupirira kuti ndi zoona, chifukwa hockey imadya ndalama: ndodo imodzi yabwino m'sitolo imapitirira $300, ndipo ndaona ndi maso anga ziwiri zikuthyoka m'chigawo chimodzi. Koma pepala limodzi lokha lotumizidwa pakati pa sizoni likanatonthoza mitima. Amene tinakhalapo m'makomiti a chitukuko kumudzi tikudziwa mmene anthu amayambira kunong'ona lipoti likachedwa.

Musalowenso poganiza kuti mudzachepetsa msonkho. Kale munthu ankatha kuchotsa 80 peresenti ya chopereka chomupatsa mwayi wogula mipando, koma lamulo la msonkho la 2017 linathetsa zimenezo kuyambira 2018. Wondithandiza kulemba za msonkho anangoyang'ana lisiti langa n'kundibwezera.

Chomwe chinandipweteka kwenikweni sichikukhudza komiti. Mnyamata uja anagwira dzanja mwana wanga, patangotha masiku ochepa sizoni itatha, analowetsa dzina lake mu transfer portal, kaundula wa osewera ofuna kusamukira ku koleji ina. Wina, womwetsa zigoli wathu, anasaina ndi timu yolipidwa asanamalize sukulu. Mwana wanga anali atamata chithunzi cha woyambayo pakhoma. Anandifunsa ngati tinamulakwira. Ndinasowa choyankha. Agogo aja anati kale unkaona mwana akubwera, kukula, mpaka kumaliza zaka zinayi, koma masiku ano uzikonda juzi osati wovala. Ndipo kusinthaku sikunathe: mu Novembala 2024 NCAA inagamula kuti kuyambira Ogasiti 2025 anyamata ochokera m'maligi akuluakulu a achinyamata a ku Canada, a CHL, aziloledwa kusewera ku koleji, zomwe kale zinali zoletsedwa. M'kachipinda kaja nkhaniyi inagawa anthu. Ena akuti matimu aang'ono apeza osewera abwino, ena akuti ana a kuno ku Minnesota ataya malo. Ine ndinkangomvetsera, koma ndinaona kuti amene akudandaula kwambiri ndi omwe ali ndi zidzukulu zosewera ku sekondale.

Timu yathu sinalowe m'gulu la matimu 16 olimbirana chikho cha dziko lonse. Ndime yomaliza ya 2025, Frozen Four, inachitikira ku St. Louis, ndipo mamembala tinasonkhana pa malo ena odyera kuonera pa TV. Western Michigan inagonjetsa Boston University 6-2 n'kutenga chikho koyamba m'mbiri yake. Chaka chapitacho chinapita ku Denver, yomwe inafikitsa zikho 10. Western Michigan itawina, anthu m'chipindamo anaomba m'manja ngati ndi timu yawo, chifukwa aliyense ankaganiza chimodzimodzi: ngati awa atha, ifenso tsiku lina. Abambo osayankhula aja anandigunda paphewa n'kunena kuti chaka chamawa ndisasowe.

Ndiye kalata ija ndaiyankha motere. Ndilipiranso, koma ndatsika pa sitepe ya $100. Imeneyi ilibe malo oimika galimoto, koma kachipinda kaja ndi tsiku la ana pa ayezi zilimo. Mnansi wanga wina yemwe ndinadziwana naye komweko wati tizikwera galimoto imodzi n'kumagawana $10 ija. Kwa amene mukungofuna kuonera masewero awiri kapena atatu pachaka, gulani tikiti pakhomo, umembala ulibe ntchito kwa inu. Ngati mumagwira ntchito Lachisanu ndi Loweruka usiku, musayerekeze n'komwe, chifukwa masewero ambiri amachitika masiku amenewo.

Mayi akunyumba atamva kuti ndatsitsa ndi $150, anati yotsalayo ipite ku nsapato za mwana, popeza walimbikira kuti akufuna kulowa timu ya ana nyengo yozizira ikubwerayi. Tinapita kukafunsa mtengo wa zovala zonse, chipewa, magolovesi ndi zotchinga m'miyendo. Ndinatuluka m'sitolomo osayankhula. Agogo aja amva, ndipo akuti m'galaja mwawo muli chikwama cha mdzukulu wawo chomwe chinamuchepera. Tikukachitenga Loweruka.